Mwana wosadziwa kuwerenga akatani ku laibulale?

Kalata ya mayi wina wa ku Area 25 yandisowetsa mtendere sabata yonseyi. Akuti mwana wawo ali Sitandade 3, kuwerenga kukumuvuta, ndipo bambo akunyumba akukana zoti apite naye ku laibulale, ati n'kungotaya ndalama ya minibasi, kumeneko n'kwa olemba mayeso. Funso lawo n'lakuti: pali chimene mwana wotere angakapezeko?

Mayi, mawu a bambowo ine ndinakula nawo. Malume amene ndinkakhala nawo ankatero ndithu. Ndili ndi zaka 10 ndinkadutsa pakhomo pa laibulale popita kuchigayo. Ndikasuzumira pazenera ndinkangoona anyamata a Fomu 4 atawerama, zigongono patebulo, zii. Mumtima ndinkati mmenemo salowa wopanda nsapato, ndipo ine ndinalibe. Tsiku lina mvula inandipeza pomwepo ndikuchokera kogayitsa, ndinakausa pakhonde, ufa uli mbuu m'nsidze. Kunatuluka mayi wogwira ntchito mmenemo. "Iwe mwana, ufawo unyowa, lowa nawo." Thumba analiika kuseri kwa chitseko, ine anandikhazika pamkeka, nanditsegulira buku la zithunzi la Kalulu. Ngakhale mzere umodzi sindinathe. Iwo anayamba kuwerenga motsitsa mawu, chala chikuyenda pansi pa zilembo. Chala chimenecho ndimachionabe mpaka lero, chikhadabo chake chinali ndi inki ya chidindo. Mvula italeka anandiuza kuti, "Ubwerenso Lachisanu." Ndinabwera, malume osadziwa, chaka chathunthu.

N'chifukwa chake zimandiwawa kuti laibulale taisandutsa malo okaloweza manotsi a MSCE basi. N'kulakwa kumeneko, ndipo ndikunena mosapsatira. Mwana timamusiya mpaka akule, buku akulidziwa ngati chinthu chomwe amakwapulidwira, kenako tizidabwa kuti sakonda kuwerenga. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi ndi odzaza, mphunzitsi mmodzi sangakhale pansi ndi mwana aliyense. Nanga mwana wanuyo amuwerengere ndani?

Bungwe la National Library Service linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, ndi lathu tonse, ndipo likulu lake lili ku City Centre komweko ku Lilongwe. M'nthambi zake zingapo muli malo a ana okhaokha, omwe bungwe la Book Aid International linathandiza kukonza. A National Library Service eni ake amasindikizanso mabuku a ana otchedwa Werengani. Chimene chimandisangalatsa kuposa zonse ndi ntchito ya nthano. Mogwirizana ndi nthambi ya UNESCO ya m'dziko muno anayenda m'midzi kujambula agogo akusimba nthano, ndipo akhala akusonkhanitsa ana kudzamvera. Mwana wosadziwa chilembo amayankha "Tili tonse" mofanana ndi mnzake wodziwa. Palibe womuseka.

Ndikaganiza zimenezi ndimakumbukira William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu. Njala ya 2002 inamutulutsa sukulu, fizi itasowa. Kothawira kwake kunali kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale. Chingerezi chinkamuvuta, ankatsatira zithunzi, mpaka anapanga makina amphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotola ndi njinga yakale. Akanauzidwa kuti kumeneko n'kwa olemba mayeso, bwenzi atabwerera pakhomo. Ndipo moto utawononga laibulale ya Mzuzu University mu 2015 tonse tinalira, pamene timalaibulale ta m'masukulu ta kwathu timangokhala totseka ndi loko, makiyi ali m'thumba, popanda wodandaula. Izi zimandipsetsa mtima.

Nanga mutani?

Pitani kaye nokha, mukafunse tsiku la nthano ndi zofunika polembetsa mwana kuti azibwereka mabuku. Ulendo woyamba musamukakamize kuwerenga, asankhe yekha buku, ngakhale la zithunzi zokhazokha, makamaka la Chichewa. Ngati minibasi ikuvuta, kamodzi pamwezi n'kokwanira, bukulo muzimuwerengera madzulo chala chili pansi pa mawu. Bambowo musalimbane nawo. Mwana akadzabwera nalo buku, mum'tume akawaonetse, akhale pamiyendo pawo.