Golide yenseyo, n'kumukwirira pansi?

Mayi wina wandilembera imelo ataona chithunzi cha chigoba chagolide chakumaso cha Tutankhamun, mfumu yakale ya ku Egypt. Akufunsa ziwiri: kodi nkhope imeneyi ndi yakedi mfumuyo, nanga golide wochuluka chonchi anamukwirira bwanji kumanda kumene palibe womuona?

Mayi, ndiyambe ndi lachiwirilo, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Chigobachi sanachipangire maso athu. Howard Carter, katswiri wofukula zinthu zakale wa ku Britain, anapeza mandawo mu 1922 ku Valley of the Kings (Chigwa cha Mafumu), pafupi ndi mzinda wa Luxor, koma chigobacho anachiona mu 1925, atatsegula bokosi la maliro lachitatu, la mkati mwenimweni. Chinali chitavekedwa kumutu ndi m'mapewa a mtembo woumitsidwa, ndipo utomoni umene anathira pamaliro unachimata zolimba moti anachimatula ndi mipeni yotentha. Apa n'kuti chitakhala mumdima zaka zoposa 3,000.

Anthu akale a ku Egypt ankakhulupirira kuti mnofu wa milungu ndi golide, ndipo tsitsi lawo ndi mwala wabuluu wotchedwa lapis lazuli, umene unkachokera kutali ku Afghanistan. Golide sachita dzimbiri, saola. Choncho pomuveka mfumu nkhope yagolide, ankamupatsa thupi la milungu. Ankakhulupiriranso kuti mzimu, umene ankautcha ba, umatuluka m'manda n'kubwerera, ndipo umafunika kulizindikira thupi lake. Nkhope ikawonongeka m'nsalu zokulungira zija, chigoba chinkalowa m'malo mwake.

Mukachionanso chithunzicho, muyang'anitsitse pamphumi. Pali muimba ndi njoka ya mamba, milungu yaikazi Nekhbet ndi Wadjet, yoteteza chigawo chakummwera ndi chakumpoto cha dzikolo. Ndevu zoluka zopindika kunsonga zija n'zimene ankajambula pa Osiris, mfumu ya akufa. Maso anawapanga ndi mwala woyera wa quartz ndi wakuda wa obsidian, ndipo ine ndikawayang'ana nthawi yaitali mtima umachita kuti myuu. Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri chili kumbuyo, kumene zithunzi zambiri sizionetsa. Kumsana ndi m'mapewa anazokotako mawu a m'mutu 151 wa Buku la Akufa (mapemphero othandiza womwalira m'dziko la akufa), opereka chiwalo chilichonse cha nkhopeyo kwa mulungu: diso lamanja ndi bwato la usiku la mulungu wa dzuwa, lamanzere ndi bwato la masana, mphumi ndi ya Anubis, mulungu woyang'anira zoumitsa mitembo. Mmisiri anakhala pansi n'kuzokota kachizindikiro kalikonse mwaudongo, akudziwa kuti palibe wamoyo amene adzawerenge.

Nanga nkhopeyo ndi yake? Ikufanana ndi ziboliboli zake zina, koma amisiri anaisalaza kuti ikhale ya mnyamata wopanda chilema, pomwe iye anamwalira ali ndi zaka pafupifupi 19. Makutu ake ndi oboola, ndipo katswiri wina, Nicholas Reeves, ananena kuti mwina mbali yaikulu ya chigobachi anaipangira mfumukazi Neferneferuaten, kenako n'kuchisintha. Akatswiri ena amatsutsa zimenezi.

Chigobachi n'chotalika masentimita 54 ndipo chimalemera makilogalamu oposa 10. Mu 2014 ndevu zija zinathothoka ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Cairo, ndipo anazimata mofulumira ndi guluu wolimba kwambiri. Ndinamva chisoni nditawerenga nkhaniyi. Chaka chotsatira, gulu lotsogozedwa ndi Christian Eckmann wa ku Germany linapala guluuyo pang'onopang'ono, n'kuzilumikizanso ndi phula la njuchi.