Kodi mlingo wa mankhwala amaudziwa bwanji?

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 4 atadwala malungo, kuchipatala kuno ku Mzuzu adayamba amukweza pa sikelo, ndipo atapeza makilogalamu 16 adatipatsa LA woti azimwa mapiritsi awiri nthawi imodzi, pomwe ine ndimamwa anayi. Kodi mlingo umenewu amaudziwa bwanji, poti magazi adangoyeza malungo basi? Ndine mayi wa ku Chibavi.

YANKHO: Mayi, mlingowo sudangochokera m'mutu mwa amene adakulemberani mankhwala. Piritsi likamezedwa, mankhwala amalowa m'magazi kudzera m'matumbo, amafalikira m'thupi, kenako chiwindi ndi impso zimawachotsa, ndipo liwiro la zonsezi limasiyana pakati pa khanda, mayi woyembekezera ndi gogo amene impso zake zidafooka.

Kale, pofuna kudziwa liwiro limeneli, ofufuza ankatenga magazi kambirimbiri kwa anthu ochepa, makamaka akuluakulu athanzi, zomwe palibe kholo lingalole kuti zichitike pa mwana wodwala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Lewis Sheiner ndi Stuart Beal a ku San Francisco adakonza pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa NONMEM, imene imaphatikiza zotsatira za magazi otengedwa kawiri kapena katatu kokha kwa odwala ambirimbiri, n'kuwerengera mmene kulemera kwa thupi, msinkhu, kukhala ndi pakati komanso mankhwala ena zimasinthira kuchuluka kwa mankhwala m'magazi. Choncho mwana wanu adayezeredwa kale kudzera mwa ana anzake olemera ngati iyeyo.

Kafukufuku wotere waonetsa kuti mwana si munthu wamkulu wochepa thupi ayi. Mu 2010 bungwe la WHO lidakweza mlingo wa mankhwala a chifuwa chachikulu kwa ana, chifukwa matupi awo amachotsa mankhwalawo msanga. Nawonso amene akumwa rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a chifuwa chachikulu, pamodzi ndi ma ARV okhala ndi dolutegravir amawonjezeredwa piritsi la dolutegravir madzulo, popeza rifampicin amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mnzakeyo.

Pa LA, mwana wa makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa piritsi limodzi, wa 15 mpaka 24 awiri, wa 25 mpaka 34 atatu, ndipo woposa pamenepo anayi, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi makolo amene amagawira mwana mapiritsi otsala m'nyumba pongoyerekeza ndi maso. Lumefantrine wa mu LA salowa bwino m'magazi popanda chakudya cha mafuta, choncho mwana akangomwa mumupatse mkaka kapena phala lothira nsinjiro.