Funso la wowerenga: Bwanji masheya a Home Depot anatsika malonda akuyenda bwino?

Funso: A Mkonzi, ndawerenga kuti m'chaka cha 2022 kampani ya ku America ya Home Depot, yomwe imagulitsa zipangizo zomangira ndi kukonzera nyumba, inagulitsa katundu wambiri kuposa chaka china chilichonse m'mbuyomo, koma mtengo wa masheya ake unatsika kwambiri chaka chomwecho. Kodi zimenezi zikusonyeza kuti kampaniyo inali ndi vuto lobisika?

Yankho: Zimene mwawerengazo ndi zoona, koma vuto lobisika panalibe. M'chaka chake cha zachuma cha 2022, Home Depot inagulitsa katundu wa madola pafupifupi 157 biliyoni, pamene mu 2019 inagulitsa wa madola 110 biliyoni. Komabe sheya imodzi, yomwe kumapeto kwa 2021 inali pa madola opitirira 400 pa msika wa New York Stock Exchange, inatha chaka cha 2022 itataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wake.

Munthu wogula sheya amalipirira phindu limene akuyembekeza kuti kampani idzapeza m'tsogolo, ndipo mu 2022 tsogolo la malonda a nyumba ku America linayamba kuda. Pa nthawi ya mliri wa Covid-19 anthu ankakhala pakhomo, chiwongoladzanja cha ngongole yogulira nyumba chinali pafupifupi 3 peresenti, ndipo ambiri anathira ndalama zawo m'matabwa, penti, zitseko ndi makhitchini atsopano. Kuyambira mu Malichi 2022, banki yaikulu ya dzikolo, Federal Reserve, inayamba kukweza chiwongoladzanja pofuna kuletsa kukwera mitengo kwa zinthu, moti pofika Okutobala chiwongoladzanja cha ngongole yogulira nyumba, yobweza m'zaka 30, chinafika pa 7 peresenti.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Banja limene linatenga ngongole pa 3 peresenti silifuna kugulitsa nyumba yake kuti likatenge ngongole ina pa 7 peresenti, choncho limangokhala pomwe lili. Koma nthawi imene anthu amawononga ndalama zambiri pokonza nyumba ndi imene akufuna kuigulitsa kapena angoigula kumene, pamene amasintha denga, bafa kapena pansi pa nyumba. Kugulitsana nyumba kukachepa, ntchito zikuluzikulu zoterezi zimaima, ngakhale kuti anthu amapitirizabe kugula misomali ndi mababu. Ogula masheya anaziona zimenezi zisanafike m'mabuku a kampani, ndipo sanalakwitse, chifukwa mu 2023 malonda anatsikadi kufika pa madola pafupifupi 153 biliyoni, koyamba kutsika chichokereni 2009.

Aka sikanali koyamba kuti phindu ndi mtengo wa masheya zisiyane njira pa kampaniyi, yomwe Bernie Marcus ndi Arthur Blank anaikhazikitsa mu 1978 n'kuyamba kugulitsa masheya ake mu 1981. Pa nthawi ya Robert Nardelli, yemwe anaitsogolera kuyambira mu 2000 mpaka Januwale 2007, phindu linakula kuwirikiza kawiri koma mtengo wa masheya sunakwere, mwa zina chifukwa unali utakwera kale mopitirira muyezo iye asanayambe ntchito.

Ine maganizo anga ndi akuti munthu wofuna kumvetsa masheya a Home Depot, kapena a Lowe's amene amapikisana nayo, asadalire chiwerengero cha malonda a chaka chonse chokha. Ayang'ane chiwongoladzanja cha ngongole zogulira nyumba, kuchuluka kwa nyumba zogulitsidwa, ndiponso mmene kugula kwa katundu wopitirira madola 1,000 kukuyendera, zomwe kampaniyi imalengeza miyezi itatu iliyonse. Ayang'anenso malonda ake ndi amisiri ndi makontirakitala, chifukwa kumeneko ndi kumene yaika chiyembekezo chake: mu 2024 inagula SRS Distribution, kampani yogulitsa zipangizo zofolerera nyumba ndi zina kwa makontirakitala, pa mtengo wa madola pafupifupi 18 biliyoni.