Helix ya pa dishi ya QO-100: vuto ndi mbali yomwe mwapotera waya

Achimwene, mwati mwapota helix (antena ya waya wopotedwa ngati sipuling'i) ya RHCP (yozungulitsa funde kumanja) ya 2.4 GHz n'kuimangirira pa dishi ya DStv ya masentimita 90 kuti muzilankhula kudzera pa QO-100 (njira ya mawailesi a amateur yomwe ili pa setilaiti ya Es'hail-2), koma siginolo yanu ikufika yofooka kwambiri, ndiye mukufunsa ngati muwonjezere mikombero ya waya. Musawonjezere kaye.

N'zoona kuti setilaiti ya Es'hail-2, yomwe inaulutsidwa mu 2018 ndipo ili pa madigiri 25.9 kum'mawa, imalandira RHCP. Koma funde lozungulira likagunda chitsulo cha dishi limabwerera litatembenuka. Helix yanu ikutumiza RHCP, dishi ikuisandutsa LHCP (funde lozungulira kumanzere), ndipo pamenepo mukhoza kutaya 20 dB (dB ndi muyeso wa mphamvu ya siginolo) kapena kupitirira. Waya wongowongoka, wosazungulitsa funde n'komwe, akanangokutayitsani 3 dB! Choncho helix yoyang'ana m'dishi iyenera kukhala ya LHCP. Iikeni pambali pa bawuti wamba: ngati waya wapendekera mbali imodzimodzi ndi mizere ya bawutiyo, imeneyo ndi RHCP, ipoteninso mbali inayo.

Miyeso ndi yomwe ija ya John Kraus, amene anatulukira antenayi mu 1946 ku Ohio State University. Funde la 2.4 GHz ndi lalitali masentimita 12.5, ndipo mkombero umodzi uzikwana utali womwewo, kutanthauza kupotera pa paipi ya masentimita 4. Pakati pa mikombero siyani masentimita 3.

Za kuchuluka kwa mikombero ndiye pamene ambiri amasochera. Pa dishi, gain (mphamvu yomwe antena imalunjikitsa mbali imodzi) imachokera ku kukula kwa dishiyo, ndipo yanuyo ingapereke pafupifupi 24 dBi. Ntchito ya helix n'kungowalitsa dishi yonse mpaka m'mphepete. Mikombero ikachuluka, mphamvu imaunjikana pakati pokha, dishi yaikulu n'kumagwira ntchito ngati yaing'ono. Pa dishi ya offset ngati imeneyi (yomwe antena yake imakhala cham'munsi, osati pakati), mikombero 5 ndi yokwana. Ine sindingapitirire pamenepo.

Chinanso, helix payokha imakhala pa ma ohm pafupifupi 140 pomwe kebulo yanu ndi ya 50. Wotchererani kachidutswa ka kopa kophwatalala pa kota yoyamba ya mkombero woyamba, kayandikire mbale yachitsulo ya kumbuyo kwa helix, muzikasendeza pang'onopang'ono mukuyeza SWR (muyeso wa mphamvu yobwerera m'kebulo). Kebulo ikhale yaifupi, chifukwa pa 2.4 GHz kebulo ya mtundu wa RG-58 imadya mphamvu koopsa. Mukamayesa, muzidzimvera nokha pa 10.489 GHz, pomwe setilaiti imabwezera mawu anu, ndipo siginolo yanu isapose ya beacon (siginolo yoyezera yomwe imamveka kuchokera pa setilaitiyo).