Rauta yathu kapena wathu? Nanga ukonde walakwa chiyani?

Mphunzitsi wina wa maphunziro oyambirira a kompyuta wandilembera kuti: "Pofotokoza mmene makompyuta amatumizirana uthenga, ndizinena kuti netiweki kapena ukonde? Nanga ndi rauta wathu kapena rauta yathu?"

Aphunzitsi, lachiwirilo n'losavuta. Nenani kuti rauta yathu, seva yathu, monga timanenera kompyuta yathu. Rauta ndi chipangizo cholozera uthenga njira pakati pa manetiweki, ndipo seva ndi kompyuta yotumikira makompyuta ena. Khutu limanyengeka ndi mawu onga dalaivala ndi kondakitala, koma amenewo ndi anthu, n'chifukwa chake amatenga "wa". Zikachuluka, ndi marauta athu, manetiweki awiri.

Tsopano za ukonde. Amene amaukonda ndimawamvetsa, pakuti chithunzi chake n'chogwira mtima: mfundo iliyonse ndi chipangizo, ulusi ndi waya kapena mafunde a Wi-Fi. Koma munthu akamva ukonde, m'mutu mwake mumabwera chinthu chokola, pomwe ntchito ya netiweki ndi kudutsitsa. Tayesani kunena kuti "ukonde wavuta lero", muone ngati pali amene ayang'ane foni yake. Mawu akuti netiweki anakhazikika kale pakamwa pa anthu, asiyeni. Ukondewo muujambule pa bolodi ngati fanizo, basi.

Pamene Chichewa chimaonetsa mphamvu zake ndi pa aneni, ndipo ndikadakonda mutathera nthawi yambiri pamenepo. Inu mumalumikiza kompyuta ku rauta. Makompyuta awiri amalumikizana. Kachidutswa ka "-an-" kanena kale kuti uthenga ukupita uku ukubwera. Mukatumiza chithunzi, sichiyenda chathunthu. Chimaduladulidwa kukhala timapaketi, kalikonse kali ndi adiresi ya IP (nambala yozindikiritsa chipangizo pa netiweki) ya kumene kachokera ndi ya kumene kakupita. Rauta imawerenga adiresiyo n'kupatsira rauta inzake, inzakeyo n'kupatsiranso ina. Timapaketi tina tingathe kudzera njira yosiyana n'kufika mochedwa, koma malamulo otumizira uthenga otchedwa TCP amatisanja mwa dongosolo, ndipo kakasowa kamodzi kamatumizidwanso. Kuduladula, kupatsirana, kusanja: palibe liwu lobwereka pamenepo, ndipo mwana wa zaka khumi amva.

Chimodzi simunafunse, koma chimandiyabwa m'khutu. Netiweki ndi intaneti si chinthu chimodzi. Makompyuta awiri olumikizidwa ndi waya umodzi ndi netiweki kale, ngakhale atakhala kuti sakufika kwina kulikonse. Intaneti ndi manetiweki ambirimbiri omwe anagwirizana kuyankhulana ndi malamulo amodzi a TCP/IP, amene netiweki yakale ya ku America yotchedwa ARPANET inasamukirako pa 1 January 1983. Choncho wophunzira akakuuzani kuti "netiweki ilipo koma intaneti palibe", musamukonze. Wanena zoona: kompyuta yake ikuyankhulana bwinobwino ndi rauta, koma rautayo siikutulukira kunja.