Werengerani Papepala Musanayatse Kompyuta

Achimwene, mwafunsa za pulogalamu imene mungagwiritse ntchito pofufuza m'mene thupi la sitima yonga Ilala limapindikira pa mafunde potsata njira ya finite element, imene kompyuta imagawa chinthu m'tizidutswa ting'onoting'ono n'kuwerengera mphamvu pa kalikonse. Za pulogalamu musade nkhawa, chifukwa ngati laisensi ya ANSYS kapena Abaqus yakukwererani mtengo, CalculiX ndi yaulere ndipo imagwira ntchito pamodzi ndi FreeCAD. Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti muyambe mwawerengera papepala.

Sitima yonse muitenge ngati mtanda umodzi wautali wachitsulo. Funde likatukula pakati, kutsogolo ndi kumbuyo kumalendewera, deki imakokeka pamene pansi pamapanikizika, ndipo akatswiri amati hogging. Likatukula mbali ziwiri zakumapeto, pakati pamatsika ndipo deki ndiyo imapanikizika, imeneyi ndiye sagging, ndipo pamenepa malata opyapyala a deki amatha kukwinyika chitsulo chisanafike n'komwe pa 235 N/mm² pamene chitsulo wamba chimayamba kugonja. Pezani bending moment (mphamvu yopinda) ya pakati pa sitima, muigawe ndi section modulus (muyezo wa m'mene thupi la sitima limakanira kupindika), ndipo yankho limenelo, lomwe ndi stress (kukokeka kapena kupanikizika kwa chitsulo), mulisunge kuti mudzaliyerekeze ndi la kompyuta. Mayankho awiriwo akasiyana kwambiri pamalo opanda zibowo, dziwani kuti cholakwika chili mu modelo.

Ambiri amapunthwa pa zogwiriziza, malo amene mumamangirira modelo mu kompyuta kuti isasunthe. Sitima siikhala pa mizati, imayandama, choncho kulemera kwake ndi mphamvu ya madzi yoikankhira m'mwamba ziyenera kulingana musanaigwirizize pena paliponse, apo ayi mudzaona stress yabodza kumapeto. Malata muwaike ngati shell (tizidutswa topyapyala), nthiti zowalimbitsa ngati beam (timitanda), ndipo mesh (ukonde wa tizidutswato) yaing'ono ya 50 mm muisungire m'makona a zibowo za katundu.

Malamulo a IACS, mgwirizano wa mabungwe oona za kulimba kwa sitima, muwawerenge ndithu, koma mafunde ake ndi a ku North Atlantic, osati a Mwera wa pa nyanja yathu, amene ndi aafupi komanso obwera motsatizana. Madzi athunso alibe mchere, ndiye muike 1000 kg/m³ m'malo mwa 1025.

Ilala inayamba kuyenda mu 1951, ndipo dzimbiri ladya malata ake zaka zonsezi, kotero kuti makulidwe (kuchindikala kwa malata) olembedwa pa mapulani sangafanane ndi a lero. Popeza kuchoka kuno ku Mzuzu kufika ku Nkhata Bay si patali, pitani tsiku limene sitimayo yakocheza mukacheze ndi ma injiniya ake, ndipo mulembere a ku doko lokonzera sitima la ku Monkey Bay kupempha miyezo ya makulidwe a malata imene anatenga posachedwa.