N'chifukwa chiyani Aroma anatha miyezi isanu akuzinga Jerusalem?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofunsa kuti, ngati asilikali a Aroma anali amphamvu monga timamvera, zinatheka bwanji kuti athe pafupifupi miyezi isanu asanalande Jerusalem m'chaka cha 70 AD, ndipo ndi chida chiti chimene chinagwetsa mzindawo. Zikomo kwambiri bambo. Ine ndimaona kuti khasu ndi njala zinagwira ntchito yaikulu kuposa lupanga.

Titus, mwana wa Vespasian, mfumu ya Aroma, anafika ndi magulu anayi akuluakulu a asilikali cha mu Epulo, nyengo ya Pasaka, mzinda utadzaza ndi alendo odzapembedza. Jerusalem anali pamapiri, atazunguliridwa ndi zigwa zakuya kum'mawa, kum'mwera ndi kumadzulo, choncho adani akanalowera kumpoto kokha, ndipo kumeneko kunali malinga atatu. Linga lakunja linagumuka patatha masiku 15, lachiwiri silinachedwenso, koma atafika pa nsanja yolimba ya Antonia, imene inkateteza kachisi, nkhondo inawakulira.

Njira ya Aroma inali youndira chiunda cha dothi, miyala ndi mitengo mpaka chifike palinga, kuti akankhirepo chimtengo cha mutu wachitsulo chogumulira khoma. Ziunda zinayi zinawatengera masiku 17. Koma John wa ku Gischala, mmodzi wa atsogoleri a Ayuda oteteza mzindawo, ndi anthu ake anakumba njira pansi pa nthaka kufikira kunsi kwa ziunda za pa Antonia, anaichirikiza ndi mizati, kenaka anatentha mizatiyo ataipaka phula, ndipo ziundazo zinatitimira. Zotsalazo zinatenthedwa ndi anthu a Simon bar Giora, mtsogoleri wina wa Ayuda. Apa m'poyenera kuwapatsa ulemu Ayudawo, chifukwa anagonjetsa akatswiri pa luso lawo lomwe.

Titus ataona zimenezi anasintha nzeru. Analamula kuti amange mpanda wozungulira mzinda wonse, wa makilomita pafupifupi 7, wokhala ndi malo 13 a alonda, ndipo Josephus, Myuda amene anali mumsasa wa Aroma n'kulemba mbiriyi, akunena kuti unatha m'masiku atatu okha. Kuyambira pamenepo panalibenso wotuluka kukafuna chakudya. Chomvetsa chisoni n'chakuti magulu a Ayuda, pamene ankamenyana okhaokha Aroma asanafike, anali atatentha kale nkhokwe za tirigu zimene zikanadyetsa mzindawo nthawi yaitali. Okalamba, amayi ndi ana ndiwo anayamba kufa, pamene onyamula zida ankalowa m'nyumba kulanda kochepa kamene kanatsala.

Ziunda zatsopano zinatenga masiku 21, mitengo yake akukaitenga kutali chifukwa yapafupi yonse anali ataidula. Khoma la Antonia linagwa usiku, litafooka ndi kugumula kuja komanso ndi njira yomwe ija imene John anakumba pansi pake. Kachisi anatenthedwa mu Ogasiti. Josephus akuti Titus sanafune kuti kachisi apse, koma mawu amenewa tiwamve mosamala, pakuti wolembayo ankasamalidwa ndi banja la Titus lomwelo. Chigawo chakumtunda cha mzinda chinagwa mu Seputembala, ndipo Titus analamula kuti agwetse zonse, kusiya nsanja zitatu za Herod ndi mbali ya linga lakumadzulo kuti itchinge msasa wa asilikali otsalira kudzalonda malowo.